Daniel Dias ndi nambala S5: mamendulo 27 komanso nkhani ya magulu a osambira aulumali

Pa 1 Seputembala 2021, m'dziwe la masewero a Paralympic, a anthu aulumali a dziko lonse, mumzinda wa Tokyo, amuna anafola kuti apikisane pa mtunda wa mamita 50. Ndi mpikisano wosachedwa uwu. Munthu amangolowa m'madzi, kupalasa ndi mphamvu zake zonse, n'kukhudza khoma la tsidya, zonsezo m'masekondi 30 ndi pang'ono. Atatu oyamba kukhudza khoma onse anali a ku China. Wachinayi anali Daniel Dias wa ku Brazil, ndipo uko kunali kusambira kwake kotsiriza pa mpikisano.

Wongoona zotsatirazo akhoza kunena kuti ndi ukalamba, munthu wa zaka 33 wapitiridwa ndi anyamata. Zaka zinalipo ndithu. Koma pafupi ndi dzina la mpikisanowo panali chilembo ndi nambala, S5, ndipo amene sadziwa tanthauzo la S5 sangamvetse mmene Dias anakwerera mpaka kukhala ndi mamendulo 27 a Paralympic, kapena chifukwa chimene atatu ake otsiriza anali a buronzi okhaokha. Ine ndimaona kuti atatu a buronziwo akuyenera ulemu wofanana ndi wa golide 14 amene anabwera poyamba, ndipo kuti ndifike pamenepo tiyambire kumudzi kwawo.

Daniel de Faria Dias anabadwa pa 24 Meyi 1988 mumzinda wa Campinas, m'chigawo cha São Paulo, koma anakulira m'katauni ka Camanducaia, m'chigawo cha Minas Gerais. Anabadwa ndi mikono yosakula mokwanira. Wamanja unathera m'chigongono, wamanzere ndi wautaliko ndipo uli ndi chala chimodzi. Mwendo wamanja unathera cha m'bondo, wopanda phazi, moti kuyenda anaphunzira ndi mwendo wochita kupanga. Ali mwana ankasewera mpira ndi anzake monga mwana aliyense wa ku Brazil. Zosambira pa mpikisano zinali kutali ndi maganizo ake.

Zinasintha mu 2004, ali ndi zaka 16. Chaka chimenecho masewero a Paralympic anachitikira ku Athens, ndipo pa wailesi yakanema ku Brazil ankaonetsa mwamuna wina wa ku Natal, Clodoaldo Silva, amene anabadwa ndi vuto la muubongo lofooketsa miyendo. Clodoaldo anatenga golide kasanu ndi kamodzi ndi siliva kamodzi pa masewero amenewo. Mnyamata wa ku Camanducaia uja anaona munthu waulumali akukwera pa nsanja ya opambana, mbendera ya dziko lake ikukwezedwa, ndipo anafuna kuyesa. Anayamba kuphunzira ku São Paulo, ndipo m'miyezi iwiri yokha anali atadziwa kale masambiridwe onse anayi a pa mpikisano. Patangopita zaka ziwiri, mu 2006, anali ku Durban m'dziko la South Africa pa mpikisano wa dziko lonse, kumene anabwerako ndi mamendulo asanu, atatu mwa iwo a golide.

Osambira ambiri a pamwamba amalowa m'dziwe asanafike zaka khumi. Uyu anayamba ali kale mnyamata wometa ndevu, n'kukapambana pa dziko lonse zaka ziwiri zisanathe bwino. Pamenepa pokha pakusonyeza kuti luso linali la chibadwa.

S5 ndi chiyani?

Vuto la masewero a anthu aulumali ndi lakuti ulumali sufanana. Wina alibe mkono umodzi, wina anavulala msana ndipo miyendo siyenda, wina ndi wamfupi kwambiri msinkhu, wina saona. Onsewa mutawaponya m'dziwe limodzi, wopambana angakhale yemwe thupi lake lili ndi ziwalo zambiri zogwira ntchito, osati yemwe anakonzekera kwambiri. Ndiye amene amayendetsa masewerowa amagawa osambira m'magulu, kuti anthu amene ulumali wawo umawabweza m'mbuyo mofanana m'madzi azipikisana okhaokha. Maganizo ake ndi omwe aja a nkhonya, kumene wa makilogalamu 50 samenyana ndi wa makilogalamu 100.

Magulu a S1 mpaka S10 ndi a ulumali wa ziwalo. Nambala ikakhala yaing'ono ndiye kuti ulumaliwo ndi waukulu: wa S1 nthawi zambiri amayendera njinga ya olumala ndipo manja ndi miyendo yomwe zilibe mphamvu, pomwe wa S10 mwina vuto lake ndi la phazi limodzi kapena dzanja limodzi. S11 mpaka S13 ndi a vuto la maso, S11 kukhala osaona kwenikweni. S14 ndi a ulumali wa nzeru. Anthu a vuto la kumva sali m'magulu amenewa, ali ndi masewero awoawo otchedwa Deaflympics.

Chilembo S chimaimira masambiridwe atatu: freestyle, amene munthu amapalasa chafufumimba mosinthanitsa mikono, kusambira chagada, ndi butterfly, amene mikono yonse imatuluka m'madzi nthawi imodzi. Kusambira kwa ngati chule kuja, breaststroke, kuli ndi chizindikiro chakechake, SB, chifukwa kumadalira kwambiri miyendo, ndiye munthu yemweyo akhoza kukhala ndi nambala ina kumeneko. SM ndi ya mpikisano wosakaniza masambiridwe onse. N'chifukwa chake pa dzina la Dias pankalembedwa S5, SB4, SM5.

Chimene chimasokoneza owonera ambiri n'chakuti gulu silitengera dzina la matenda. Mu S5 mumapezeka wopanda mikono yonse koma miyendo yamphamvu, wina wa mikono yamphamvu koma miyendo yosagwira ntchito, wina wa vuto la muubongo logwedeza thupi mbali imodzi, ndi wina ngati Dias. Akafola pamodzi amaoneka ngati sakuyenera kupikisana. Koma funso la oyeza si lakuti munthuyu akudwala chiyani. Funso lawo ndi lakuti, ndi thupi limeneli, angakankhe madzi ochuluka bwanji, angadziwongole bwanji, angatembenuke bwanji pakhoma.

Kuyezako kumachitika m'magawo atatu. Poyamba wosambira amagona pa bedi la oyeza, ndipo wachipatala amayesa mphamvu ya minofu, mmene mfundo zikupindikira, kutalika kwa chiwalo chotsala, ndi mmene ziwalo zikumverana. Chilichonse chimapatsidwa mapointi. Kenako amalowa m'madzi, ndipo katswiri wa zosambira amaona mmene akuyandamira, mmene akuponyera miyendo, mmene akuyambira ndi kutembenuka. Chomaliza, amamuyang'anitsitsa pa mpikisano weniweni, kuti aone ngati zimene anaonetsa poyezedwa zikugwirizana ndi zimene akuchita mendulo ili patsogolo. Gawo lachitatuli lilipo chifukwa chinyengo chimachitika. Munthu akhoza kudzifooketsa dala poyezedwa kuti aikidwe m'gulu lotsika, ndipo akagwidwa amaletsedwa kupikisana. Masewerowa anapsa kale ndi zoterezi: ku Sydney mu 2000 timu ya basketball ya Spain inatenga golide m'gulu la ulumali wa nzeru, kenako zinaululika kuti ambiri mwa osewerawo analibe ulumali uliwonse. Chifukwa cha zimenezo, osewera onse a ulumali wa nzeru anatsekeredwa kunja mpaka 2012. Olakwa anali ochepa, koma olira anali ambiri.

M'dziwe muli malamulo ena amene amaoneka bwino munthu akayang'anitsitsa. Ziwalo zochita kupanga siziloledwa m'madzi. Dias ankafika pambali pa dziwe, kuvula mwendo wake uja, kuusiya pomwepo, n'kulowa ndi thupi limene anabadwa nalo. Ena amayambira pa nsanja, ena atakhala pansi, ena ali kale m'madzi. Osaona a S11 amavala magalasi otsekedwa ndi utoto wakuda kuti pasakhale woona pang'ono kuposa mnzake, ndipo kumapeto kwa dziwe kumaima munthu ndi ndodo yaitali yokhala ndi kachinthu kofewa kunsonga. Wosambira akayandikira khoma, amamugunda nayo pamutu kapena pamsana, kuti adziwe kuti nthawi yotembenuka yakwana. Akachedwa ndi theka la sekondi, mnzakeyo awomba mutu kukhoma. Akafulumira, mnzakeyo atembenuka khoma lisanafike.

Pa mipikisano yolandizana ya anthu anayi, nambala zija zimasanduka masamu. Pali mpikisano wa mapointi 20 ndi wa mapointi 34. Kochi amasankha anthu anayi amene nambala za magulu awo zikaphatikizidwa sizipitirira malirewo. Wa S5 wothamanga kwambiri ndi chuma pa timu, chifukwa amadya mapointi ochepa koma amabweretsa liwiro lalikulu, ndipo amasiyira kochi mpata woika anthu a magulu apamwamba m'malo otsalawo. Brazil inadyerera zimenezi kwa zaka zambiri.

Zaka za golide

Ku Beijing mu 2008, pa masewero ake oyamba a Paralympic, Dias anatenga mamendulo 9: golide 4, siliva 4 ndi buronzi 1. Panalibe wosewera wina aliyense pa masewero amenewo amene anatenga ochuluka chotero. Ndipo apa pali chinthu chimene chimandikhudza. Masewerowo asanayambe, oyeza anamuchotsa Clodoaldo Silva mu S4, mmene anatengera golide wake wa ku Athens, n'kumukweza kupita mu S5. Mwadzidzidzi munthu amene Dias anamuonera pa wailesi yakanema anakhala wopikisana naye m'gulu limodzi, ndipo Clodoaldo sanatengenso golide wa Paralympic kuchokera pamenepo. Nkhani ya magulu inali itayamba kale kuluma anthu a ku Brazil, kungoti nthawi imeneyo inaluma mphunzitsi, osati wophunzira.

London 2012 ndiye panali pachimake. Dias ananyamula mbendera ya Brazil pa mwambo wotsegulira, kenako analowa mipikisano isanu ndi umodzi ya payekha n'kupambana yonse: mamita 50, 100 ndi 200 freestyle, mamita 50 chagada, mamita 50 butterfly, ndi mamita 100 breaststroke. Tiganizire bwino zimenezi. Mamita 50 amafuna kuphulika, mamita 200 amafuna mpweya ndi kudziwa kugawa mphamvu. Breaststroke imafuna miyendo, iye ali ndi phazi limodzi. Butterfly imafuna mikono yaitali yokumba madzi, iye alibe zikhatho. Chimene chinkamunyamula chinali thunthu lake, mphamvu ya m'chiuno ndi pamsana, ndi kuzungulitsa mikono yaifupiyo mofulumira popanda kupotoka. Munthu wa ziwalo zosafanana mbali ziwiri amakokedwa ndi madzi kupita mbali imodzi, ndipo zaka zambiri za maphunziro zimathera pa kulimbana ndi kukokedwa kumeneko. Ntchito imeneyo ankaigwirira ku Bragança Paulista, kumene anakhazikika.

Kenako masewero anabwera kwawo, ku Rio de Janeiro mu 2016. Pa mwambo wotsegulira m'bwalo la Maracanã, mvula ikugwa, munthu womaliza kulandira muuni anali Clodoaldo Silva, ali pa njinga yake. Kutsogolo kwake kunali masitepe. Anaima n'kuwayang'ana, ndipo masitepewo anatseguka n'kusanduka njira yotsetsereka imene anakwera nayo kukayatsa moto wa masewero. Patapita masiku owerengeka, Clodoaldo ndi Dias anasambira mu timu imodzi, pamodzi ndi amayi awiri, Joana Neves ndi Susana Schnarndorf, pa mpikisano wolandizana wa mapointi 20, n'kutenga siliva. Dias anamaliza masewero a ku Rio ndi mamendulo 9 kachiwiri: golide 4, siliva 3, buronzi 2. Onse pamodzi anafika 24, kupitirira 23 a Matthew Cowdrey wa ku Australia, amene mpaka nthawiyo anali mwamuna wosambira wa mamendulo ambiri pa Paralympic. Masewero omwewo a ku Rio ndi amene dziko la Malawi linaonekera koyamba pa Paralympic, kudzera mwa wothamanga Taonere Banda.

Kunja kwa Paralympic, mbiri yake ndi yovuta kuikhulupirira. Pa masewero a Parapan, a mayiko a ku America, analowa kanayi: Rio 2007, Guadalajara 2011, Toronto 2015 ndi Lima 2019. Anatengako mamendulo 33, onse a golide. Pa mipikisano ya dziko lonse anatenga 40, ndipo 31 mwa iwo ndi golide. Mphoto ya Laureus, ya wosewera waulumali wopambana onse pa chaka, anailandira katatu: 2009, 2013 ndi 2016. Ku Brazil anthu ankakonda kumuyerekeza ndi Michael Phelps, katswiri wosambira wa ku America pa masewero a Olympic. Kuyerekezako n'kwabwino, koma ine sindikukonda kwenikweni, chifukwa kumachititsa ngati munthu waulumali amafunika dzina la wina kuti aoneke.

Luso lokha silikadakwanira. Dias anatulukira pa nthawi imene dziko lake linali litayamba kuika ndalama zenizeni m'masewero a aulumali. Komiti ya Paralympic ya ku Brazil inakhazikitsidwa mu 1995, ndipo mu 2001 kunabwera lamulo lotchedwa Agnelo/Piva, lolamula kuti gawo la ndalama za lotale ya boma lizipita ku makomiti a Olympic ndi Paralympic chaka ndi chaka. Ndalama yodziwika kuti ibwera imalola anthu kukonza mapulani a zaka zinayi kapena zisanu ndi zitatu, osati kumayendayenda ndi kalata yopempha thandizo mpikisano utatsala sabata ziwiri. Mu 2005 boma linayambitsa Bolsa Atleta, ndalama ya pamwezi yopita kwa wosewera mwiniwake. Mu 2015 lamulo lina linakweza gawo la aulumali pa ndalama za lotale zija, ndipo mu 2016 anatsegula malo aakulu ophunzitsirako masewero a Paralympic ku São Paulo. Zotsatira zake zikuoneka pa mndandanda wa mamendulo: Brazil inali pa nambala 14 ku Athens, 9 ku Beijing, 7 ku London, ndipo ku Paris mu 2024 inafika pa nambala 5 ndi mamendulo 89. Dias anapindula ndi dongosolo limeneli, koma nayenso analikankha, chifukwa boma ndi makampani amatsegula thumba mosavuta pakakhala nkhope imene dziko lonse likuidziwa. Mu 2014 anakhazikitsa bungwe lake, Instituto Daniel Dias, lophunzitsa kusambira ana aulumali.

Pamene S5 inasintha

Mu 2018 bungwe loyendetsa kusambira kwa aulumali pa dziko lonse, World Para Swimming, linayamba kugwiritsa ntchito malamulo atsopano oyezera, ndipo osambira a ulumali wa ziwalo anayenera kuyezedwanso. Cholinga chinali chomveka. Malamulo akale anali atakhala zaka zambiri, ndipo madandaulo anali ponseponse akuti anthu ena ali m'magulu osayenera. Koma zimene zinatuluka zinagwedeza magulu angapo, ndipo S5 inali pakati pa ogwedezeka kwambiri.

Dias anakhalabe mu S5. Thupi lake silinasinthe, nambala yake sinasinthe. Chimene chinasintha ndi anthu olowa pakhomo. Osambira angapo amphamvu amene ankapikisana mu S6 anatsitsidwa kubwera mu S5. Mmodzi ndi Francesco Bocciardo wa ku Italy, amene ku Rio anatenga golide wa mamita 400 freestyle mu S6. Wina ndi Zheng Tao wa ku China, amene anaduka mikono yonse ali mwana chifukwa cha magetsi, ndipo anali atatenga kale golide wa kusambira chagada mu S6 ku London ndi ku Rio. Amene anamuonapo Zheng akuyamba mpikisano wa chagada sangaiwale: popeza alibe manja ogwirira chitsulo, amaluma thaulo limene kochi wake wagwira ali pamwamba, n'kupondetsa mapazi kukhoma. Belu likalira amalavula thaulolo n'kuuluka chagada, miyendo ikugunda madzi ngati injini ya boti, ndipo pomaliza amakhudza khoma ndi mutu, osachepetsa liwiro. Ndi katswiri weniweni, palibe wotsutsa. Koma anali katswiri wa S6, ndipo nthawi zimene anthu oterewa ankasambira zinali zofulumira kuposa zimene S5 inazolowera. Marekodi a dziko lonse amene Dias anasunga kwa zaka anagwa limodzi ndi limodzi m'nthawi yochepa.

Mnzake wa mu timu ya Brazil zinamuonekera zoposa pamenepo. André Brasil ankasambira mu S10 chifukwa cha mwendo wamanzere umene unafooka ndi poliyo ali khanda. Anali ndi mamendulo 14 a Paralympic, 7 mwa iwo a golide. Mu 2019 anayezedwanso ndi malamulo atsopanowo, ndipo anauzidwa kuti ulumali wake sukufika pa mlingo wofunika kuti azipikisana m'masambiridwe amene ankapambana nawo. Pamwamba pa S10 palibe gulu lina la ulumali wa ziwalo loti munthu akwezedwereko. Mwendo womwewo umene kwa zaka zoposa khumi unali wokwanira kumulowetsa m'dziwe, tsiku limodzi unapezeka wosakwanira. Ntchito yake inathera pamenepo, osati chifukwa chogonja, kapena kuvulala, kapena kukalamba.

Dias sanabise kukwiya kwake ndi mmene zinthuzi zinayendetsedwera, ndipo polengeza mu Januwale 2021 kuti akapuma akachoka ku Tokyo, nkhani ya magulu inali m'gulu la zimene zinamulemera.

Apa m'pamene pamafunika kudekha, chifukwa n'kosavuta kungotenga mbali ya munthu amene timamukonda. Oyeza akhoza kuyankha kuti ngati malamulo atsopano ali olondola, ndiye kuti Zheng ndi Bocciardo ndiwo ankaponderezedwa kale, kupikisana m'gulu lowakulira. Yankho limenelo lili ndi mutu. Matupi a anthu sabwera m'mabokosi khumi. Pakati pa S5 ndi S6 palibe mpanda umene Mulungu anamanga, pali mzere umene anthu anajambula, ndipo kulikonse kumene mungaujambule, wina adzakhala pamwamba pa gulu lake n'kumapambana, wina pansi pa gulu lake n'kumavutika. Mukachulukitsa magulu kuti chilungamo chikule, mpikisano uliwonse utsala ndi anthu atatu ndipo mendulo itha mphamvu. Mukawachepetsa, a ulumali waukulu asowa mwayi n'kusiya masewero. Palinso vuto lakuti wopanda mikono ndi wopanda miyendo sataya liwiro mofanana pa mtunda uliwonse: wa miyendo yamphamvu amauluka pa mamita 50, wa mikono yamphamvu amapirira pa mamita 200. Ku Tokyo zinaoneka poyera. Mipikisano ya mamita 50 ya S5 inapita kwa Zheng, ya mamita 100 ndi 200 inapita kwa Bocciardo.

Ndiye sindikunena kuti malamulo asamasinthe. Chimene chimandipweteka ndi chakuti mtengo wa kusinthako umalipiridwa ndi osewera okha, ndipo amaulipira pakati pa ulendo. Munthu wakonza moyo wake wonse pa nambala imene anapatsidwa ndi akuluakulu omwewo. Wasiya sukulu kapena ntchito, wasamuka, wasaina mapangano ndi makampani omuthandiza, ndalama ya boma imene amalandira imadalira malo amene ali pa mndandanda wa dziko lonse. Kenako m'chipinda chimodzi, m'maola ochepa, anthu awiri okhala ndi tepi yoyezera ndi pepala la mapointi amasintha zonsezo. Wosambira wopanda ulumali akagonja amadziwa kuti mnzake wamuposa. Wosambira waulumali akagonja amatsala ndi funso lachiwiri limene silichoka: kodi wandiposa, kapena sitinayenera kukhala m'mpikisano umodzi? Ndipo wopambanayo nayenso amabedwa kanthu, chifukwa anthu amayang'ana mendulo yake ndi diso lokayika ngakhale sanalakwe chilichonse.

Dias akanatha kupuma mu 2019 ndi mbiri yopanda banga, anthu n'kumamukumbukira ali pa nsanja yapamwamba. Masewero a Tokyo anachedwanso ndi chaka chathunthu chifukwa cha mliri wa Covid-19, ndipo chaka chimodzi n'chachikulu kwa wosambira wopitirira zaka 30. Iye anapitabe, akudziwa bwino lomwe kuti golide wapita. Anatenga buronzi pa mamita 200 freestyle, buronzi pa mamita 100 freestyle, ndi buronzi wina pa mpikisano wolandizana wa mapointi 20. Kuti afike pa nsanja m'gulu latsopanolo anayenera kusambira ndi mphamvu zake zonse, pa msinkhu umene anzake ambiri anali atapachika kale magalasi. M'mabwalo munalibe owonera chifukwa cha mliri, ndiye kunalibe phokoso la ku Rio lomukankha. N'chifukwa chake ndikawerenga mamendulo ake, golide 14, siliva 7 ndi buronzi 6, maso anga amaima pa atatu otsirizawo.

Pa masewero omwewo a Tokyo, mnyamata wina wa ku Minas Gerais, chigawo chimene Dias anakulira, anatenga golide kawiri ndi siliva kamodzi mu S2. Dzina lake ndi Gabriel Araújo, ku Brazil amangoti Gabrielzinho. Anabadwa wopanda mikono, miyendo yake ndi yaifupi, amasambira mogwedeza thupi lonse ngati nsomba, ndipo ku Paris mu 2024 anawonjezera golide katatu. Carol Santiago, wa vuto la maso, anatenga golide katatu ku Tokyo ndi katatu ku Paris. Dziwe la Brazil silinaume Dias atatulukamo.

Iye mwini ananyamula mbendera ya dziko lake pa mwambo wotsekera masewero a Tokyo. M'masiku omwewo osewera anzake ochokera m'mayiko osiyanasiyana anaponya voti yosankha owaimira mu khonsolo ya osewera ya International Paralympic Committee, bungwe limene limalemba malamulo aakulu a kayezedwe ka magulu. Mwa anthu asanu ndi mmodzi amene anasankhidwa, mmodzi anali Daniel Dias.